Vinyo, Nsenga Zake ndi Mpweya: Mawu kwa Opereka Chikho

 Mawu ano apite kwa inu anyamata ndi asungwana amene mumatumikira alendo m'mahotela ndi m'nyumba zodyera, kaya ndi m'mbali mwa nyanja ku Mangochi ndi ku Salima, kaya ndi ku Lusaka, kaya ndi kutali ku Cape Town ndi ku Johannesburg kumene abale athu ambiri adapita kukafuna ntchito. Pakuti nkhani ya lero, ngakhale kuti aliyense ali womasuka kuitchera khutu, ndaikonza poganizira inu makamaka.

Ntchito yopereka chikho ndi yakale ndiponso yaulemu wake. Amene amawerenga Malembo akukumbukira kuti Nehemiya, asanapite kukamanganso malinga a Yerusalemu, adali wopereka chikho kwa mfumu Aritasasta, ndipo munthu wotere sadali wongonyamula zikho ayi, koma wodziwa chimene chili m'chikhomo, wokhulupirika kotero kuti mfumu inkaika moyo wake m'manja mwake. N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikaona mwana wa eni, waulemu ndi wakhama pantchito, atapatsidwa chipangizo m'manja ndi bwana wake popanda womufotokozera chimene chipangizocho chimachita, nangouzidwa kuti botolo lililonse la vinyo wofiira azilidutsitsa m'menemo kuti mlendo aone kuti pano mpapamwamba. Wotereyu amalakwa wosadziwa kuti akulakwa, ndipo tsiku limene mlendo wodziwa vinyo adandaula, mlandu umagwera iye, osati amene adalephera kumuphunzitsa.

Zipangizo zimene ndikunenazi zilipo zamitundumitundu, koma ziwiri ndizo zimaonekaoneka. China ndi botolo lagalasi loyera mbee, lopanda chizindikiro, lakhosi lalitali ndi lotambalala kunsi, limene a m'mahotela amalitcha decanter. Chinacho ndi kanthu kakang'ono kokwana m'dzanja, kamene vinyo amadutsamo akulira ngati akukhuthuka m'mpopi, kotchedwa aerator. Ambiri amayesa kuti ziwirizi ntchito yake ndi imodzi, kungoti chinacho n'chachangu. Koma pali ntchito ziwiri zosiyana zimene munthu angafune kuchita asanapereke vinyo: kumulekanitsa ndi nsenga zake, ndi kumulola kuti apitidwe mphepo. Ndipo chimene ndikufuna kuti mukagone nacho usiku uno n'chakuti ntchito ziwirizi zimakokerana kosiyana, pakuti vinyo amene ali ndi nsenga kawirikawiri ndi wokalamba amene mpweya wambiri ungamuphe, pamene vinyo amene amafuna mpweya ndi wamng'ono amene nsenga alibe n'komwe.

Tiyambe ndi nsenga, poti ndizo zidabala mwambo wonsewu. Anthu akale a ku Girisi ndi ku Roma ankasunga vinyo m'mitsuko ikuluikulu yadothi ndi m'matumba achikopa, ndipo pofuna kumwa ankamutsanulira m'zotengera zazing'ono. Agiriki ankayamba amusakaniza ndi madzi m'mbiya yaikulu asanamugawire alendo. Opanga vinyo a masiku amenewo ankadziwa kale kuti vinyo ayenera kusamutsidwa kuchoka mumtsuko wina kupita mumtsuko wina kuti zinyalala zake zitsale m'mbuyo, ndipo mneneri Yeremiya, podzudzula dziko la Mowabu m'mutu 48 wa buku lake, adatenga fanizo lake kuchokera ku ntchito yomweyi, polifanizira ndi vinyo amene sadasunthidwepo chikhalire pansenga zake. Komabe kwa zaka mazana ambiri vinyo wa ku Ulaya, amene pambuyo pake ankasungidwa m'migolo yamatabwa, ankamwedwa msanga, kawirikawiri chaka chisanathe, chifukwa mgolo ukatsegulidwa mpweya unkalowa ndipo vinyo ankasasa.

Chimene chidasintha zinthu chidachokera kwa osula magalasi a ku Mangalande. M'zaka za m'ma 1630, ng'anjo zawo zitayamba kale kuyakira malasha m'malo mwa nkhuni, napeza moto woposa wakale, munthu wina wotchedwa Sir Kenelm Digby adatchuka ndi mabotolo akuda, ochindikala ndi olimba, amene sankasweka wambawamba paulendo. Mabotolowa atakumana ndi zitsekerero za khungwa la mtengo wina wa ku Portugal ndi ku Spain, khungwa lofewa limene limabwerera m'malo mwake likafinyidwa, vinyo adapeza nyumba yokhalitsamo. Poyamba mabotolo adali afupiafupi ndi amimba yozungulira, osatheka kuwagoneka. Koma pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 adali atawongoka monga tikuwaonera leromu, kotero kuti ankagonekedwa cham'mbali, vinyo nakhudza chitsekerero nthawi zonse kuti chisaume. M'chaka cha 1795 m'busa wina wa mpingo wa Anglican, Samuel Henshall, adalembetsa kuboma la ku Mangalande chotsegulira chake chachitsulo chopotana. Kuyambira pamenepo kudatheka kusunga vinyo zaka khumi, makumi awiri, ngakhale makumi asanu. Ndipo amene adamusunga chotero adapeza zinthu ziwiri m'botolo limodzi, ndizo kukoma kumene vinyo wamng'ono alibe, ndi matope akuda ogona pansi.

Matope amenewa si uve, ndipo savulaza munthu. Vinyo wofiira amatenga mtundu wake ku makoko a mphesa, ndipo ku makoko omwewo ndi ku njere amatengako zinthu zina zotchedwa tannin, zimene zimaumitsa m'kamwa ndi kukhakhalitsa lilime. Zimapezekanso m'masamba a tiyi. M'kupita kwa zaka, zinthu zimenezi pamodzi ndi zopatsa mtundu zimagwirana, zimalemera, n'kugwera pansi, ndipo ndicho chifukwa chake vinyo wokalamba amakhala wofewa pakamwa ndi wofiirira motuwa m'mbali mwa tambula. Nthawi zina mumapezanso timiyala tonyezimira tomatirira kuchitsekerero kapena pansi pa botolo, timene mlendo wosadziwa amatiyesa magalasi osweka. Ameneyo ndi mchere wachibadwa wa m'mphesa umene umaundana vinyo akazizidwa, ndipo n'kwabwino kumutonthoza mlendoyo ndi mawu ofatsa. Koma ngakhale nsenga sizipha, zimawawa, zimachita mchengamchenga pamano, ndipo zimadetsa vinyo amene mwini wake wamudikira zaka zambiri kuti amuone ali ngwee.

Mayi aliyense amene adatungapo madzi pachitsime nthawi yadzinja amaudziwa mwambo wonse wa decanter ngakhale sadaione: madzi amatope amawasiya mumtsuko kuti adikhe, ndipo akadikha amawatsanula mwakachetechete, osagwedeza, n'kulekeza pamene matope ayamba kuyenda. Tsono tiyeni tione mwapafupi m'mene wopereka chikho waluso amachitira. Ngati wadziwiratu kuti botolo lakuti lidzamwedwa mawa kapena mkuja, amalidzutsa pamene lidagona n'kuliimika chilili tsiku limodzi kapena awiri kuti nsenga zitsikire pansi. Ngati mlendo walifuna mwadzidzidzi, salidzutsa ayi, koma amalinyamula chigonere, pepala la dzina lili kumwamba, n'kuliika m'kadengu kopendekeka kolukidwira ntchito yomweyi, kuti nsenga zimene zandanda m'mbali yapansi zisadzuke. Amachotsa chikutiro chonse chapakhosi, osati kamutu kokha, kuti khosi lionekere. Amapukuta pakamwa pa botolo ndi kansalu koyera. Amazula chitsekerero pang'onopang'ono, popanda phokoso, ndipo ngati chitsekererocho chafumbwa ndi ukalamba amagwiritsa ntchito chotsegulira cha mano awiri opyapyala amene amalowa m'mbali osachiboola pakati. Kenaka amayatsa kandulo, kapena tochi yaing'ono, n'kuiika pansi pa phewa la botolo, motalikirako kuti moto usatenthe vinyo. Dzanja lina ligwira decanter yopendekeka, lina botolo, ndipo amathira kamodzi kokha, mosadukiza, vinyo akutsetsereka m'mbali mwa galasi osati kugwa ngati mathithi. Pakuti akaima pakati n'kudzutsa botolo, vinyo wobwerera m'mbuyo avundula zonse zimene zidadikha. Maso ake onse ali pakhosi pamene kuwala kukudutsa. Poyamba amaona vinyo wofiira ngati mwala wamtengo wapatali. Pafupi ndi mapeto kumabwera kautsi kopyapyala, ndipo pambuyo pake kamzere kakuda kakukwawira kukhosi. Pamenepo ndiye polekera. Zotsala m'botolo, zokwana mwina zala ziwiri, zimasiyidwa, ndipo botololo limaikidwa patebulo pambali pa decanter kuti mlendo aone chimene akumwa. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'ntchito imeneyi mulibe chida choposa dzanja losanjenjemera. Muonenso kuti mabotolo a ku Bordeaux ku France ali ndi mapewa okwera amene amathandiza kugwira nsenga, pamene a ku Burgundy, ku France komweko, mapewa ake ndi otsetsereka, motero amafuna kusamala koposa.

Mmodzi mwa vinyo amene amabala nsenga zochuluka kwambiri ndi Port wa m'chigwa cha mtsinje wa Douro ku Portugal, dera limene malire ake adakhazikitsidwa ndi lamulo kale mu 1756. Vinyo ameneyu amathiridwa kachasu wa mphesa asanamalize kuwira, motero amatsala wotsekemera ndi waukali; ndipo mtundu wake wapamwamba umaikidwa m'botolo patapita zaka ziwiri zokha, wosasefa, kuti ukakalambire m'menemo. Osunga ena amapaka kadontho ka penti yoyera pabotolo kuti aliyense wolinyamula adziwe mbali imene inali kumwamba. Pakatha zaka makumi anayi kapena asanu chitsekerero chimakhala chitaola, moti chotsegulira chingangochinyenyanyenya. Ndiye anthu a kumeneko ali ndi njira imene ndimaiona kuti ndi yokongola mwa zonse. Amatenga mbaniro zachitsulo zopindika kukamwa molingana ndi khosi la botolo, amaziika pamoto kufikira zitafiira psuu, n'kupana nazo khosi m'munsi mwa chitsekerero kwa mphindi imodzi kapena ziwiri; akazichotsa amakhudza pamalo potenthapo ndi nthenga kapena kansalu koviikidwa m'madzi ozizira, ndipo galasi limathetheka mozungulira, mutu wa botolo n'kuchoka bwinobwino pamodzi ndi chitsekerero chake. Vinyoyo amamuthira kudzera m'kansalu kosefera, kuopa kachidutswa ka galasi.

Tsopano tifike pa mpweya, pamene pagona mkangano. M'chaka cha 1863 mfumu Napoleon III ya ku France, poona kuti vinyo wambiri wa dziko lake ankaonongeka paulendo wopita kumisika yakunja, idapempha katswiri wa sayansi Louis Pasteur kuti afufuze chifukwa chake. Pasteur adagwira ntchito ina ku Arbois, kumudzi kumene adakulira, ndipo zimene adapeza adazisindikiza mu 1866. Mwa zina, adatsekera vinyo m'timachubu tagalasi, tina todzaza ndendende, tina tokhala ndi mpweya pamwamba. Wa m'todzaza adakhala monga momwe adaliri, koma wa m'tinato adasintha mtundu, adagwetsa nsenga, nakalamba msanga. Apa padaoneka poyera kuti okosijeni, amene ali gawo limodzi mwa magawo asanu a mpweya umene timapuma, ndiye amakhwimitsa vinyo akamalowa pang'onopang'ono, ndipo ndi yemweyo amene amamuononga akachuluka. Ngakhale tizilombo timene timasandutsa vinyo kukhala viniga sitigwira ntchito popanda iye.

Pali mwambo wofala wotsegula botolo n'kulisiya patebulo theka la ola kuti vinyoyo apitidwe mphepo. Ndikunenetsa kuti phindu lake ndi lochepa kwambiri, pakuti m'botolo la mamililita 750 vinyo amene akukhudzana ndi mpweya ndi wa pakhosi pokha, malo osaposa kandalama kachitsulo. Apa ndi pamene decanter yotambalala kunsi imagwira ntchito yake yachiwiri: vinyo akamathiridwa mwamphamvu, akuthovoka, amameza mpweya ali m'njira, ndipo akafika pansi amayala ngati thamanda, nkhope yake yonse ili poyera. Koma kodi n'chiyani chimachitika m'ola limodzi limenelo? Ambiri amati tannin amafewa. Akatswiri a sayansi ya vinyo amatiuza kuti kusintha kotero sikuchitika m'ola limodzi, kumafuna masiku; chimene chimachitika msanga ndi kuuluka kwa timafungo tina timene tidatsekeredwa m'botolo, monga fungo longa la dzira loola, fungo longa la machesi ongoyatsa kumene, ndi mpweya wina wotsalira pa kuwira umene umaluma lilime. Izi zikachoka, fungo la zipatso limene lidabisika limatuluka. Ndipo popeza mphuno ndi lilime zimagwirira ntchito pamodzi, wakumwa amamva ngati vinyo wafewa. Motero phindu lilipodi, kungoti gwero lake si limene ambiri amaliganizira. Vinyo wamng'ono ndi wolimba, monga Cabernet Sauvignon kapena Shiraz wa ku Stellenbosch ku South Africa wa zaka ziwiri kapena zitatu, kapena Barolo wa kumpoto kwa Italy, amapindula ndi ola limodzi kapena awiri m'decanter.

Wokalamba ndiye ayi. Émile Peynaud, mphunzitsi wamkulu wa za vinyo ku Bordeaux, amene adabadwa mu 1912 namwalira mu 2004, adaima nji pa mfundo yakuti vinyo atsanulidwe pokhapokha ngati ali ndi nsenga, ndipo zichitike nthawi yomwe akuperekedwa, osati maola angapo m'mbuyo; chifukwa fungo limene lauluka silibwereranso, pamene vinyo amene akadali wolimba wakumwa angathe kumuzunguza yekha m'tambula mwake. Alipo akatswiri ena amene amati mkuluyu adanyanya, ndipo pa vinyo wamng'ono ine ndili kumbali yawo. Koma pa vinyo wa zaka makumi awiri kapena atatu, mawu a akulu akoma akagonera: fungo la vinyo wotere ndi lopyapyala, limafika pachimake mphindi zochepa atatsegulidwa, ndipo pakatha ola limodzi mwina mwangotsala madzi ofiira owawasa. Wotereyu amafuna decanter yopapatiza, yamimba yaing'ono, makamaka yokhala ndi chitsekerero chake, ndipo apite kutebulo pomwepo. Pinot Noir wakale wa ku Burgundy ambiri samutsanula n'komwe.

Nanga aerator? Nzeru yake idachokera kwa Giovanni Battista Venturi wa ku Italy, amene mu 1797 adafotokoza m'mene madzi amachitira podutsa pamalo opanikizika m'paipi: amathamanga kwambiri, ndipo mphamvu imene amakankhira nayo m'mbali imatsika. Mukaboola timabowo m'mbali mwa malo opanikizikawo, madzi satulukirapo, koma mpweya wakunja ndiwo umakokedwera m'kati. Kachipangizo kameneka, kamene kadafala m'zaka za m'ma 2000 ndi mayina monga Vinturi, kali chomwecho basi: kumwamba kuli kakapu, pakati pali khosi lopapatiza lokhala ndi timabowo, ndipo phokoso lija mumalimva ndi la mpweya umene ukuyamwidwa n'kusakanikirana ndi vinyo. Ina mumaigwira pamwamba pa tambula, ina mumaisomeka pakamwa pa botolo, ndipo ina imayendera mabatire n'kumapopa vinyo yokha. Sindikuinyoza. Kwa mlendo amene waitanitsa tambula imodzi ya vinyo wamng'ono, wosafuna kudikira, kachipangizoka kamathandiza, ndipo kali ndi ubwino wakuti wotsala m'botolo sakhudzidwa. Koma sikalekanitsa nsenga, ngakhale kena kamabwera ndi kasefa kogwira tizidutswa ta chitsekerero; ndipo kudutsitsamo vinyo wokalamba ndi kumwaza m'kamphindi chuma chimene chidasonkhanitsidwa zaka makumi angapo.

Alipo amene adapitirira apa. Nathan Myhrvold, amene kale adali mkulu wa zaumisiri kukampani ya Microsoft, adalimbikitsa m'mabuku ake a zophikaphika a mu 2011 kuti vinyo wamng'ono athiridwe m'makina opera zipatso n'kumuzunguza kwa theka la mphindi kapena mphindi imodzi. Ena adaipidwa nazo, ena adayesa nakhutira; koma pamaso pa mlendo sindingakulangizeni kutero. Kumbali inayo, a ku Bordeaux ali ndi njira yofatsa imene siifuna kugula kanthu: amatsanulira vinyo mujagi woyera, amatsukuluza botolo ndi madzi kuti nsenga zichoke, n'kumubwezeramo ndi fanulo, kotero kuti vinyo wakumana ndi mpweya kawiri ndipo wabwerera m'botolo lake lokhala ndi dzina. Nyumba yodyera imene ilibe ndalama zogulira magalasi odula ingathe kutumikira bwino lomwe ndi jagi wagalasi wosanunkha kanthu. Ndipo pofuna kuti muone kuti mpweya ndi woopedwa monga momwe uli wofunidwa, mu 2013 Greg Lambrecht wa ku America, amene ntchito yake idali yopanga zipangizo zachipatala, adatulutsa chida chotchedwa Coravin, chimene chimalasa singano yopyapyala m'chitsekerero, n'kutulutsa vinyo wokwana tambula imodzi, n'kuika m'malo mwake mpweya wa argon umene suononga vinyo. Singano ikazulidwa, khungwa la chitsekererocho limadzitseka lokha.

Pali matenda a vinyo amene chipangizo chilichonse sichingachize, ndipo wopereka chikho ayenera kuwazindikira asanataye nthawi ya mlendo. Vinyo amene wagwidwa ndi nthenda ya chitsekerero amanunkha ngati katoni yonyowa kapena chipinda chachinyezi, ndipo mpweya umangolikuza fungolo. Vinyo amene wasasa ngati viniga, kapena amene wapsa ndi kutentha pokhala m'nyumba yamalata kapena padzuwa, sabwereranso. Botolo lotere libwezedwe, ndipo mlendo apepesedwe. Pa za kutenthazi, ife a kuno tili ndi vuto limene olemba malangizo a ku Ulaya saliganizira. Vinyo wofiira amakoma pa madigiri 16 kufikira 18; koma decanter imene yakhala ola lathunthu patebulo m'mbali mwa nyanja mwezi wa Okutobala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 30, imapereka vinyo wofunda amene ukali wake umabaya mphuno n'kuphimba zonse. Choncho ngati vinyo ayenera kudikira, adikire pamalo ozizira, kapena decanter ikhale m'beseni la madzi ozizira. Ndipo kuika botolo la vinyo wofiira mufiriji kwa mphindi makumi awiri musanalitsegule si tchimo ayi.

Chenjezo lina likhudza thanzi. Galasi lonyezimira kwambiri, lolemera ndi lolira bwino likagogodedwa, lidayamba ndi George Ravenscroft wa ku London, amene adalandira chilolezo cha luso lake mu 1674, ndipo chinsinsi cha kuwala kwake chidadzakhala mtovu wosakanizidwa m'galasimo. Lero galasi lotchedwa lead crystal limakhala ndi magawo 24 pa 100 aliwonse, kapena kuposerapo, a mankhwala a mtovu. Mu 1991 ofufuza a payunivesite ya Columbia ku New York adalengeza kuti Port amene adamusunga miyezi inayi m'zotengera zotere adatenga mtovu wochuluka kuwirikiza makumi angapo kuposa poyamba. Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Vinyo wokhalamo nthawi ya chakudya chimodzi satenga wochuluka chotero. Koma chizolowezi chosiya Port, brandy kapena whisky m'botolo lokongola lotere pakabati kwa miyezi n'choyenera kuchileka, ndipo pogula zatsopano funsani zopanda mtovu, poti zilipo zambiri.

Mwina wina mwa inu akuti m'mtima mwake, zonsezi ndi za azungu, ine ndingazidziwe bwanji? Mu 2017 amuna anayi a ku Zimbabwe, a Joseph Dhafana, a Tinashe Nyamudoka, a Marlvin Gwese ndi a Pardon Taguzu, amene adapita ku South Africa kukafuna ntchito monga momwe abale athu amapitira, mmodzi wa iwo atayambira kulima m'munda ndi kutsuka mbale, adakaimira dziko lawo ku France pampikisano wa dziko lonse wozindikira vinyo osaona botolo lake. Sadabadwire m'minda ya mphesa. Adafunsa, adanunkhiza, adalawa, nasunga m'mutu. Safunsa adadya phula. Inunso pemphani bwana wanu tsiku lina kuti pabotolo limodzi la vinyo wamng'ono muthire matambula atatu: ina yochokera m'botolo mwachindunji, ina yodutsa mu aerator, ina yochokera m'decanter imene yakhala ola limodzi, mnzanu awasinthanitse inu musakuona, ndipo muyese kuwasiyanitsa. Pa vinyo wina kusiyana kudzakhala koonekeratu, pa wina simudzakupeza konse, ndipo zonse ziwirizi ndi maphunziro. Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu simumwa, ena chifukwa cha chikhulupiriro, ena mwa kusankha kwanu, ndipo ndikulemekeza zimenezo ndi mtima wonse. Dziwani kuti gawo lalikulu la ntchitoyi ndi la mphuno, ndipo ngakhale akatswiri olawa amalavula, sameza.

Chotsala ndi katsukidwe, kamene kamagonjetsa ambiri chifukwa dzanja sililowa m'khosi la decanter. Itsukeni usiku womwewo vinyo asanaumiremo, ndi madzi ofunda, osati owira, kuopa kuti galasi lingathetheke. Sopo mupeweni, chifukwa fungo lake limakanirira ndipo lidzapezeka mu vinyo wamawa. Ngati pansi pachita mawanga ofiira, thiranimo timipira tachitsulo togulitsidwira ntchito imeneyi, kapena mpunga wosaphika pang'ono ndi viniga, muzunguze kufikira mawanga atachoka, n'kutsukuluza kangapo. Iumitseni chozondoka pachoimikira chake kuti madzi asasiye mizere, ndipo musaitsekere m'kabati yonunkha polishi kapena utsi wa kukhitchini. Aerator nayo itsukuluzidwe ikangogwira ntchito, pakuti timabowo take tikatsekeka ndi vinyo wouma imaleka kukoka mpweya. Ndipo mawa lake, musanathiremo vinyo wa mlendo, inunkhizeni decanter ili yopanda kanthu. Ngati mukukayika, thiranimo vinyo pang'ono wa m'botolo lomwelo, muzunguze, mutaye, kenaka mutsanule wotsalayo.